Kudumpha zilumba pa boti la thanga pakati pa ma regatta a ku Caribbean, zimayenda bwanji kwenikweni

Zithunzi za mipikisano ya maboti a thanga ku Caribbean zimanamiza pang'ono. Mumaona madzi obiriwira, matanga amitundumitundu atafufuma, anthu atakhala mondondozana m'mphepete mwa boti miyendo ili lende panja, ndiye mumangoti basi nkhani yonse ndi imeneyo. Koma regatta imodzi, mpikisano wa mabotiwo, imatenga masiku atatu kaya anayi, ikatalikitsa sabata. Ikatha, yotsatira ili pa chilumba china, dziko lina, ndalama zina, pena ndi chilankhulo chomwe china, ndipo boti silikwera ndege. Wina ayenera kuliyendetsa mpaka likafike, lili lathunthu, nthawi isanakwane. Kwa ine mbali yapakatiyi ndi imene imaonetsa amene amaidziwa nyanja, chifukwa pa mpikisano pali komiti yokuikirani zizindikiro zozungulira ndi maboti opulumutsa ali pafupi, pamene pa ulendo wapakati muli nokhanokha ndi mphepo.

Kalendala yake ili chonchi. Maboti ambiri ochokera ku Ulaya amawoloka Atlantic kumapeto kwa Novembala, ambiri mu gulu la ARC lomwe linayambitsidwa ndi Jimmy Cornell mu 1986, amanyamuka ku Las Palmas pa zilumba za Canary n'kukafika ku Rodney Bay ku St Lucia, mtunda wa mamailosi apanyanja pafupifupi 2700. Januwale kuli mpikisano wozungulira Barbados, kumapeto kwa mwezi womwewo Grenada Sailing Week. Febuluwale kuli RORC Caribbean 600 ku Antigua, inayamba 2009, mamailosi 600 osaima kuzungulira zilumba 11. Malichi ikangoyamba ndi St Maarten Heineken Regatta yomwe yakhala ikuchitika kuyambira 1980, kenako St Barths Bucket ya zimaboti zikuluzikulu za anthu andalama, kenako St Thomas, kenako BVI Spring Regatta ku Tortola, chilumba cha British Virgin Islands (BVI), cha kumapeto kwa Malichi kulowa Epulo. Mu Epulo aliyense amabwerera ku Antigua kukachita ya maboti akale a matabwa, n'kutsekera ndi Antigua Sailing Week, yomwe inayamba 1968. Palibe amene amachita yonse, munthu amasankha itatu kaya inayi malinga ndi thumba komanso mtundu wa boti.

Tisanapite patali, mailo yapanyanja ndi makilomita 1.852, ndipo knot imodzi ndi mailo imodzi pa ola. Boti wamba la mamita 12 limayenda ma knot 6 kaya 7. Ndiye mamailosi 80 ndi maola pafupifupi 11 mpaka 13 zinthu zikuyenda bwino. Musungire zimenezi.

Tsopano tsegulani mapu muone mmene zilumbazi zinakhalira. Kuchokera ku Grenada kum'mwera, zimandandalikana kulowera kumpoto, Carriacou, timazilumba ta Grenadines, St Vincent, St Lucia, Martinique, Dominica, Guadeloupe, Antigua, kenako mzere uja umapindika kulowera kumadzulo, St Barth, St Martin, mpaka Virgin Islands. Mphepo ya kumeneko nthawi imeneyi siisinthasintha, imachokera kum'mawa kapena kumpoto chakum'mawa pafupifupi tsiku lililonse, ma knot 15 mpaka 20, ndipo cha mu Disembala ndi Januwale imalimba kupitirira apo kwa masiku angapo motsatizana. Ndi mphepo yomweyi imene inkabweretsa zombo zakale kuchokera ku Ulaya. Choncho funso loyamba la kaputeni si loti ndi mamailosi angati ayi, ndi loti mphepo itimenya mbali iti. Ikamachokera m'mbali, boti limathamanga mosangalatsa. Ikamachokera kumbuyo, mumangokhala pheee kumadya zipatso. Ikamachokera kutsogolo ndiye mavuto.

Boti la thanga silingalunjike kumene kukuchokera mphepo. Likayesetsa limapita mopendekera madigiri pafupifupi 45 kuchoka pa mphepo, ndiye kuti mufike pamalo pamene pali kumaso kwa mphepo muyenera kuyenda mokhotakhota, kumanzere ola limodzi, kumanja ola lina. Masamu ake ndi osavuta koma owawa, mtunda umakula pafupifupi ka 1.4, mamailosi 80 asanduka 113, onjezeranipo mafunde amene akukumenyani kutsogolo n'kumachepetsa liwiro, onjezeraninso madzi enieniwo omwe amayenda kulowera kumadzulo n'kumakubwezani m'mbuyo osadziwa. Boti lapendekeka, kuphika sikutheka, kuchimbudzi muyenera kugwira ndi manja onse, madzi amchere akuwaza kumaso. N'chifukwa chake Barbados, yomwe ili payokha mamailosi pafupifupi 100 kum'mawa kwa mzere wa zilumba zinzake, maboti ambiri oyendayenda saifikako. Amene akufuna mpikisano wa kumeneko zimawaphwekera kufikira komweko pochokera ku Atlantic, osati kubwerera kuchokera ku St Lucia.

Ndiye onani mmene kalendala ija imachitira nkhanza. Kuchoka ku Antigua kupita ku St Maarten ndi mamailosi pafupifupi 90 mphepo ili kumbuyo, zokoma. St Maarten kupita ku Virgin Islands, kumbuyonso, zokoma. Koma BVI Spring Regatta ikatha muyenera kubwerera kum'mawa kuti mukapezeke ku Antigua, ndipo pakati pa Virgin Gorda ya ku BVI ndi St Martin pali Anegada Passage, mamailosi ngati 80 a nyanja yotseguka kumene mafunde a Atlantic amalowa popanda chowatchinga, mphepo kumaso, madzi kumaso. Anthu amachita kudikira masiku kuti mphepo ifooke kapena ipendekere kumpoto pang'ono, ndipo ambiri amanyamuka madzulo kuti ayende usiku wonse akafike kutacha. Ena sachita manyazi, amaliza injini thanga lalikulu lili m'mwamba kuti boti lisamagwedezeke kwambiri, basi kumapita. Kunena zoona ine sindiwaweruza, thanga long'ambika pa ulendo wapakati ndi mpikisano wotayika usanayambe. Enanso amasankha kudutsira kum'mwera, Saba, St Kitts, Nevis, kuti ulendo audule tizidutswa, koma mapeto ake kuchoka ku Nevis kupita ku Antigua ndi kumaso kwa mphepo ndithu, simungazithawe.

Ulendo wochoka ku Grenada kupita ku Antigua ndi wina. Ndi mamailosi pafupifupi 300, chifukwa Grenada ili pa madigiri 12 kumpoto, Antigua pa 17, ndipo digiri imodzi ndi mamailosi 60. Mutha kuwudutsa kamodzi masiku awiri usana ndi usiku, kapena kuwutenga pang'onopang'ono sabata ziwiri, chilumba chimodzi pa tsiku, kugona pa nangula. Apa ndi pamene mawu oti kudumpha zilumba amamveka. Tsiku lililonse limakhala ndi magawo awiri osiyana kotheratu. Mukamayenda kumadzulo kwa chilumba chachitali ngati St Vincent, Dominica kapena Guadeloupe, phiri limatchinga mphepo, nyanja ili salala, matanga akungolendewera, pena kamphepo kamabwera kuchokera kumadzulo mosokoneza. Phiri la La Soufrière ku Guadeloupe ndi lotalika mamita 1467, mthunzi wake wa mphepo umafika kutali, moti ngakhale akatswiri a Caribbean 600 amakakamira pamenepo maola ambiri akuona anzawo amene anawasiya kumbuyo akuwapeza. Ndiye mukangotulukira kunsonga kwa chilumba, mphepo yonse imene imazungulira phiri ija imakugwerani kamodzi, yolimba kuposa ya pakati pa nyanja, mafunde nawo ali osokonekera. Kunsonga ya kumpoto kwa St Vincent n'kotchuka pa zimenezi. Wozolowera amachepetsa thanga akadali pa bata, anthu atsopano akumuyang'ana modabwa kuti bwanji tikupinda thanga mphepo kulibe, pakangotha mphindi khumi amamvetsa okha.

Palinso malo amene mapu amakuuzani kuti lambalalani. Kumpoto kwa Grenada, panjira yopita ku Carriacou, pansi pa nyanja pali phiri lophulika lotchedwa Kick 'em Jenny, ndipo maboti saloledwa kudutsa mkati mwa makilomita 1.5 kuchokera pamenepo, likayamba kusuntha malirewo amawakulitsa. Montserrat nako, phiri la Soufrière Hills linayamba kuphulika mu 1995 n'kukwirira tawuni ya Plymouth, mpaka pano kum'mwera kwa chilumbacho kuli malo oletsedwa.

Nthawi yofika ndi nkhani yaikulu kuposa nthawi yonyamuka. Kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko ndipo mdima umangogwa nthawi yomweyo, palibe zoti kachisisira katenga ola. Malo ambiri okongola azunguliridwa ndi matanthwe a korali amene ali pansi pa madzi pang'ono pokha, ndipo mapu a pa foni kapena pa kompyuta ya boti amatha kuphonya ndi mamita angapo, omwe ndi okwanira kuboola boti. Ndiye polowa malo ngati Tobago Cays ku Grenadines, kuseri kwa Horseshoe Reef, munthu mmodzi amaima kutsogolo kwenikweni kwa boti atavala magalasi ochotsa kunyezimira kwa madzi, dzuwa lili pamwamba kapena kumbuyo kwake, n'kumawerenga mtundu wa madzi. Buluu woderapo ndi pakuya. Buluu wowala ndi mchenga, pakuya bwinobe. Akayamba kuyera ngati mkaka wothira madzi ndiye kuti pafupika, chepetsani liwiro. Chigamba cha bulawuni kaya chachikasu ndi thanthwe, dzanja limaloza mbali ina ndipo wa pa chiwongolero safunsa mafunso, amangokhota. Mtambo ukadutsa mthunzi wake umaoneka ngati thanthwe, ndiye mumadikira usunthe. Dzuwa likakhala kumaso, cha m'ma 4 koloko mukulowera kumadzulo, zonsezi sizioneka, nyanja yonse imangokhala galasi. Choncho kaputeni amawerengera chobwerera m'mbuyo, tikufuna kulowa 2 koloko isanakwane, mtunda ndi maola 8, ndiye nangula tizule 5 koloko m'mawa, kaya usiku munavina kaya simunavine.

Usiku uli ndi zake. Asodzi amatchera misampha ya nsomba ndi nkhanu pansi pa nyanja, chizindikiro chake pamwamba chimangokhala botolo la pulasitiki lomangidwa ku chingwe, mumdima simungalione, chingwe chikakulungika ku pulopela injini yazima. Kuyambira 2011 kunabweranso ndere zoyandama za sargassum, zofiirira, zimabwera m'magulu aakulu n'kumakoleka pansi pa boti ndi pa chiwongolero, mumangoona liwiro latsika popanda chifukwa, pa mpikisano mpaka ena amaimitsa boti n'kulibweza m'mbuyo pang'ono kuti zichoke. Ndipo amene wachokera ku Ulaya kapena ku Africa asamale ndi zizindikiro za m'madoko, chifukwa mbali ya America polowa padoko chofiira chimakhala kudzanja lamanja, mosemphana ndi zimene anazolowera. Chabwino chimodzi, madzi kumeneko sakwera kapena kutsika kwambiri, kawirikawiri ndi pansi pa theka la mita, ndiye mutu umodzi wachepa.

Kenako mapepala. Iyi ndi mbali imene palibe amene amaijambula. Zilumbazi zayandikana koma ndi mayiko osiyana, St Vincent and the Grenadines palokha, St Lucia palokha, Martinique ndi Guadeloupe ndi France, BVI ili pansi pa Britain, St Thomas pansi pa America. Kachilumba ka St Martin komwe, kakang'onong'ono, kanagawidwa pakati pa France ndi Netherlands kuyambira pangano la mu 1648. Mukafika dziko latsopano mumakweza mbendera yachikasu, anthu ena onse amakhala m'boti, kaputeni yekha amatenga mapasipoti ndi mapepala a boti kupita ku kasitomu ndi ku imigireshoni, akamaliza mbendera yachikasu imatsika, m'malo mwake imakwera kambendera ka dziko limenelo. Pochoka chimodzimodzi, muyenera kutsanzika mwalamulo chifukwa dziko lotsatira likufunsani pepala losonyeza kumene mwachokera. Masiku ano zambiri mumalemberatu pa intaneti kudzera pa SailClear, ndipo zilumba za France zinatchuka ndi kuphweka, kale munthu ankangolemba fomu pa kompyuta ya mu shopu basi zatha. Komanso si gombe lililonse lili ndi ofesi, ndiye njira yanu imapangidwa ndi kumene kuli kasitomu, ndipo kufika Lamlungu kapena ofesi itatseka malo ena mumalipira owonjezera. M'thumba mumakhala ndi ndalama zitatu, dola ya East Caribbean yomwe inamangiriridwa pa 2.70 ku dola imodzi ya America kuyambira 1976, yuro ya zilumba za France, ndi dola ya America ku Virgin Islands. Vuto lina ndi anthu osinthasintha, wina wabwera pa ndege kudzathandiza mpikisano, wina akuchoka, aliyense ayenera kulembedwa kapena kufufutidwa pa mndandanda wa boti pamaso pa imigireshoni, apo ayi pa pepala kaputeni amaoneka ngati wasiya munthu m'dziko la eni mozemba.

Tsopano botilo. Pakati pa mipikisano ndi nyumba, muli mapoto, mabuku, zida zokonzera, kaboti kakang'ono kopitira kumtunda ndi injini yake, madzi odzaza m'matanki, chitcheni cha nangula cholemera. Pa mpikisano kilogalamu iliyonse ndi mdani. Ndiye masiku awiri regatta isanayambe mukayenda pa doko la Falmouth Harbour ku Antigua kapena Nanny Cay ku Tortola mupeza katundu ali mbwee pansi, anthu akutulutsa chilichonse chimene malamulo akulola kuchotsa. Matimu andalama amakhala ndi kontena yawo imene imatsatira pa sitima, ena onse amangopempha mnzawo amene sakupikisana kuti awasungire. Matanga nawo ndi awiri awiri. Apaulendo ndi a nsalu yolimba ya Dacron, akale, oti akang'ambika mtima suwawa. A mpikisano ndi opepuka, odula koopsa, ndipo dzuwa la kumeneko limawadya msanga, ndiye amatuluka m'chikwama pa tsiku lake lokha. Pansi pa boti napo, m'madzi ofunda ndere zimamera pa sabata imodzi yokha, choncho m'mawa wa mpikisano mumaona anthu ali m'madzi ndi siponji kukwecha.

Koma simungangochotsa zilizonse, chifukwa boti linapimidwa. Maboti amasiyana kukula ndi liwiro, ndiye kuti apikisane mwachilungamo lililonse limapatsidwa nambala, mipikisano yambiri ya kumeneko imagwiritsa ntchito ya Caribbean Sailing Association, pomwe Caribbean 600 imadalira kwambiri kapimidwe kena kotchedwa IRC. Nthawi imene mwatenga amaichulukitsa ndi nambala yanuyo. Tiyerekeze, boti lalikulu lili ndi 1.100 ndipo lamaliza pa mphindi 100, zikhala 110. Laling'ono lili ndi 0.900, lafika mochedwa pa mphindi 120, zikhala 108. Wapambana ndi wamng'ono uja, ngakhale anafika anzake atayamba kale kumwa. Ndiye boti liyenera kupikisana lili mmene linalili popimidwa, mukachotsa chitseko kapena tebulo imene inalipo, mnzanu akakusumirani ku komiti mwaluza. Mipikisano yambiri ili ndi gulu la maboti obwereka komanso la anthu okhala m'boti momwemo, kuti munthu wa mapoto ake asalimbane ndi maboti a mpikisano opangidwa ndi carbon.

Kugona pa nangula kuli ndi luso lake. Mumafuna mchenga, osati korali kapena udzu wa pansi pa nyanja umene akamba amadya, ndipo m'malo otetezedwa ambiri mumangomangirira pa zoyandama zimene anaikiratu n'kulipira. Tcheni mumatulutsa kasanu kuya kwa madzi kapena kuposa, kenako injini chobwerera kuti nangula alume, ndipo popeza madzi ndi oyera wina amavala galasi n'kudumphira kukaona ndi maso ngati walowadi. Magombe ambiri ali kumadzulo kwa zilumba, kobisika ku mphepo, koma miyezi imeneyi namondwe wa kutali kumpoto kwa Atlantic amatumiza mafunde aataliatali amene amafika patapita masiku, kumwamba kuli bwinobwino, n'kulowa m'magombe oyang'ana kumpoto, boti limagudubuzika usiku wonse mbale zikulira m'makabati. N'chifukwa chake polosera zanyengo anthu amayang'ana mafunde padera, mphepo padera. Malo ena anyamata a pamalopo amabwera pa timaboti kudzakuthandizani kumanga, kugulitsa buledi, zipatso, nsomba, ndipo ku Portsmouth ku Dominica anapanga bungwe lawo la PAYS lomwe limalonderanso maboti usiku. Nsomba zenizenizo samalani, zikuluzikulu za m'matanthwe monga barracuda, makamaka zilumba za kumpoto, zimatha kukhala ndi poizoni wa ciguatera amene sachoka ngakhale muphike bwanji. Timu yonse itha kugona chifukwa cha nsomba imodzi.

Za ndalama sindichedwapo, n'zodula basi. Koma si onse ali m'mabotimo ndi olemera. Eni maboti ambiri amabwera pa ndege tsiku la mpikisano n'kubwerera Lolemba, amene amayendetsa boti pakatipa ndi anthu olembedwa ntchito kapena achinyamata ongofuna kuphunzira, amene amayenda pa doko kufunsa ngati pali malo. Maboti ena amagulitsa mipando, munthu amalipira kuti akhale m'timu sabata imodzi.

Ndisaiwale, mipikisanoyi si ya alendo okha. Ku Bequia, kachilumba ka ku Grenadines, pa Isitala amapikisana ndi maboti a pachilumbapo a nsonga mbali zonse, ochokera ku mwambo wawo wosaka anamgumi. Ku Carriacou amakhomabe maboti a matabwa pamanja m'mudzi wa Windward, ndipo regatta yawo ya mu Ogasiti inayamba 1965. Ku Anguilla mpikisano wa maboti ndiwo masewera a fuko. Ku Martinique kuli ma yole, opanda chitsulo cholemera pansi, anthu amalendewera pa mitengo yotulukira panja kuti boti lisagubuduke, ndipo amazungulira chilumba chonse chaka ndi chaka anthu ali khamu m'magombe. Munthu wothamangira kalendala ya ma regatta aakulu okha zambiri mwa izi amaziphonya, mwa zina chifukwa zimachitika iye atathawa kale.

Amathawa chani? Nyengo ya mphepo zamkuntho imayamba pa 1 Juni mpaka 30 Novembala, ndipo Antigua Sailing Week ikangotha doko la English Harbour ku Antigua limayamba kuchepa anthu. Ena amalowera ku Bermuda kenako America, ena Azores kenako Ulaya, ena amakweza boti lonse pa sitima yonyamula maboti. Otsala amatsikira kum'mwera, Grenada kapena Chaguaramas ku Trinidad, chifukwa makampani ambiri a inshuwalansi amajambula mzere pa mapu n'kunena kuti boti likakhala kumpoto kwa pamenepa mkuntho ukaliphwanya sitilipira, kapena mulipire zambiri. Kumpoto anaona Irma mu Sepitembala 2017 ikusakaza Barbuda, St Martin ndi BVI, maboti ataunjikana ngati nkhuni. Koma kum'mwera sikuti n'kotetezeka kotheratu, Ivan inagunda Grenada mu 2004, ndipo Beryl inasesa Carriacou ndi Union Island pa 1 Julayi 2024, nyengo itangoyamba kumene. Ndiye amene akusiya boti amalitulutsa m'madzi, matanga onse pansi, pena ndi mlongoti womwe, kenako amalimanga ndi malamba ku zitsulo zokhomedwa m'nthaka, malo ena amakumba dzenje kuti chitsulo cha pansi pa boti chilowemo likhale chofupika, ndipo a inshuwalansi ambiri amafuna muwalembere pulani yonseyi asanavomere kukutetezani.